Mmene Ndimakonzekerera Nyengo Yatsopano ya Gofu

Nyengo ya gofu ikamayandikira, wosewera aliyense amalakalaka kunyamula driver, ndodo yaitali kwambiri yomenyera patali, n'kuthamangira kumalo ophunzirira kuti akamenye mipira ndi mphamvu zake zonse. Ine ndimachiletsa chilakolako chimenecho, chifukwa munthu amene wakhala miyezi ingapo osagwira ndodo sakhala atataya mphamvu zambiri. Chimene chimachoka msanga ndi kufewa kwa thupi ndiponso luso la manja loyeza mtunda waufupi, ndipo ziwirizi sizibwerera pomenya mwankhanza. N'chifukwa chake ndimayamba ndi thupi, kenako zipangizo, kenako mashoti apafupi ndi dzenje, ndipo ndodo zazitali ndimazigwira pomalizira penipeni.

Kukonza thupi ndimakuyamba kutatsala milungu ingapo, ndipo choyamba ndi kuyenda pansi. Kusewera maenje 18 wapansi ndi ulendo wa makilomita 8 kapena kuposerapo, umene umatha maola pafupifupi anayi, ndipo miyendo ikatopa pa maenje omalizira, munthu amayamba kumenya ndi manja okha, mpira n'kumapita kulikonse. Ndimayenda nditavala nsapato zomwezo zimene ndidzasewerere kuti ngati zili ndi pamene zimaluma ndidziwiretu. Kuwonjezera apo, m'mawa uliwonse ndimaika ndodo mopingasa kumbuyo kwa mapewa, n'kuwerama pang'ono ngati ndikufuna kumenya, kenako n'kumatembenuka pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere mapazi ali chilili. Cholinga chake ndi kumasula chiuno ndi msana wakumtunda, popeza ziwalo zimenezi zikauma, ntchito yonse yotembenuka imagwera msana wam'munsi, umene sunapangidwe kuti uzipotoka choncho. Osewera ambiri amene amadandaula za msana nyengo itangoyamba amakhala atadumpha gawo limeneli.

Thupi likayamba kumasuka, ndimakhuthula chikwama chonse pansi, matumba onse, kuti ndione chilichonse chili m'menemo. Mitu ya ma iron, zomwe ndi ndodo za mitu yachitsulo, ndimaiviika kwa kanthawi m'madzi ofunda a sopo, ndikusamala kuti madziwo asafike pamene mutu walumikizana ndi mpini, kenako ndimakwecha timizere ta pankhope ya ndodo ndi burashi yofewa mpaka dothi louma litatuluka lonse. Timizereti si tokongoletsa ayi. Ntchito yake ndi kuchotsa udzu ndi chinyezi pakati pa mpira ndi chitsulo kuti mpira uzungulire bwino n'kukaima pa green, malo a udzu waufupi ozungulira dzenje, m'malo mopitirira. Ndikadutsitsa chikhadabo pa timizere ta wedge, ndodo yaifupi yokwezera mpira m'mwamba pafupi ndi green, n'kumva kuti m'mphepete mwake mwasalala, osakodwa, ndimadziwa kuti ndodoyo yatsala pang'ono kutha ntchito.

Pa zipangizo zonse, chimene ndimachisamala kwambiri ndi chogwirira cha rabara chakumtunda kwa ndodo, chifukwa ndi pokhapo pamene thupi limakhudzana ndi ndodo, komanso ndicho chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri. Rabara ikakalamba imauma n'kuyamba kunyezimira, makamaka pamene pamakhala chala chachikulu, ndipo imaterera. Wosewera sazindikira kuti yayamba kuterera. Manja ake amangoyamba kufinya okha kuti ndodo isapulumuke, minofu ya mikono imalimba, ndipo liwiro la mutu wa ndodo limachepa. Akatero amaganiza kuti vuto lili m'kamenyedwe kake, n'kuyamba kusintha zinthu zimene zinalibe cholakwa. Ine ndimatsuka zogwirira zonse ndi sopo, ndimaziumitsa, kenako ndimazigwira chimodzi ndi chimodzi ndi dzanja louma. Chimene sichikumamatira ngakhale pang'ono ndimakachisinthitsa kwa katswiri wokonza ndodo, ndipo ndikafika kumeneko ndimamupemphanso kuti ayeze kupendekeka kwa nkhope za ma iron, chifukwa ndodo zachitsulo chofewa zimapindika pang'onopang'ono zikamagunda nthaka yolimba, mpaka ndodo ziwiri zotsatizana kumafika mtunda wofanana.

Pobwezera zinthu m'chikwama ndimawerenga ndodo. Malamulo amalola ndodo 14 zokha, ndipo pampikisano wowerenga mashoti, amene wanyamula yoposa pamenepo amawonjezeredwa mashoti 2 pa dzenje lililonse limene wasewera ali nayo, mpaka kufika mashoti 4. Ndodo yowonjezera imalowa m'chikwama mosavuta panthawi yopuma, pamene munthu amayesayesa ndodo zatsopano. Golovesi youma ndimaitaya, minga ya pansi pa nsapato imene yaperepeseka ndimaisintha, mipira yong'ambika ndimaipatula kuti ikhale yophunzirira, ndipo ndimasankha mtundu umodzi wa mpira woti ndisewere nawo nyengo yonse, kuti manja azolowere mmene umachokera pa putter, ndodo yogubuduzira mpira pa green, ndi pa wedge.

Madzulo ena ndimakhala pansi n'kuwerenganso malamulo. Mabungwe awiri amene amawayang'anira, R&A ya ku St Andrews ndi USGA ya ku America, anawasintha kwambiri mu 2019 n'kuwaunikanso mu 2023, koma mpaka lero pabwalo pamapezeka anthu otsatira akale. Nthawi yofufuza mpira wotayika ndi mphindi 3, osati 5 monga kale. Malamulo akafuna kuti mpira ugwetsedwe pansi, umagwetsedwa kuchokera pa msinkhu wa bondo, osati wa phewa. Ndipo munthu akhoza kumenya ali pa green mbendera ili m'dzenje popanda chilango. Chipangizo choyezera mtunda n'chololedwa pokhapokha komiti ya mpikisano italetsa, koma mbali yake yowerengera kukwera ndi kutsika kwa nthaka iyenera kuzimitsidwa. Ndimaonanso ngati umembala wanga uli bwino ndiponso kuti handicap yanga, nambala yosonyeza luso la wosewera, yaima pati. Pansi pa dongosolo la World Handicap System, limene linayamba mu 2020, handicap imawerengedwa kuchokera pa masewera 8 abwino kwambiri mwa 20 omalizira. Izi zikutanthauza kuti nambala imene ndikuyamba nayo nyengo ikufotokoza mmene ndinkasewerera ndili pachimake nyengo yatha, choncho sindidabwa masewera oyamba akakhala pamwamba pake, ndipo makhadi a mashoti a masewerawo ndimawapereka ndithu monga ena onse, chifukwa handicap imene yabisidwa masewera oipa siuza aliyense zoona.

Kumenya mpira ndimakuyambira m'nyumba, pakapeti, ndi putter. Ndimaika ndalama yachitsulo pansi pamtunda wa mita imodzi n'kumayesetsa kuti mpira uzidutsa pamwamba pake penipeni. Dzenje la gofu ndi lalikulu mamilimita 108, choncho amene wazolowera kulasa ndalama, dzenje limamuonekera lotakasuka. Ndikapita ku green yophunzirira, sindilimbana kwenikweni ndi kulowetsa mpira. Ndimaima patali mamita 10 kapena kuposerapo n'kumayeza mphamvu, kuti mpira uziima pafupi ndi dzenje moti shoti yachiwiri isakhale yodetsa nkhawa. Kumayambiriro kwa nyengo ma green nthawi zambiri amakhala ochedwa, ndipo mabwalo ambiri amakhala atangowabowola timabowo n'kuthiramo mchenga kuti mizu ya udzu ipume. Mpira umadumphadumpha pamenepo, ndipo sindilola kuti zimenezo zindisinthitse kamenyedwe, chifukwa udzu ukangomera bwino vutolo limatha lokha.

Kuchokera pamenepo ndimabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ngati mmene mmisiri amayambira pa maziko asanaganize za denga. Ndimayamba ndi timashoti tating'ono ta m'mphepete mwa green, ndikuyang'ana malo amene ndikufuna kuti mpira ugwere, osati dzenje lenilenilo. Kenako ndimalowa mumchenga, kumene chofunika ndi kukumbukira kuti ndodo imenye mchenga kumbuyo kwa mpira, mchengawo ndiwo unyamule mpirawo. Ndikatero ndimatenga wedge n'kumamenya mongofikitsa manja m'chiuno, mpaka nditamva phokoso loyera la mpira wogundidwa pakati pa nkhope ya ndodo, ndiponso kuona kuti udzu ukudulidwa kutsogolo kwa pamene panali mpira. Pokhapo ndi pamene ndimatenga iron ya nambala 7. Nthawi zonse ndimagoneka ndodo ina pansi moloza kumene ndikufuna kumenya, chifukwa maso amene apuma nthawi yaitali amanama: munthu amadziona kuti waima molunjika pamene mapazi ndi mapewa aloza kwina. Ngati ndikufuna kuonana ndi mphunzitsi wa gofu, nthawi yake ndi imeneyi, zizolowezi zoipa zisanakhazikike, ndipo ndimamupempha kuti ayang'ane kagwiridwe, kaimidwe ndi malo a mpira pakati pa mapazi asanakhudze china chilichonse.

Gawo limene ndimaliona kuti limapulumutsa mashoti ambiri ndi kuyeza mtunda weniweni wa ndodo iliyonse. Ndimamenya mipira ingapo ndi ndodo imodzi, ndimasiya umene wapita kutali kwambiri ndi umene walephereratu, n'kulemba mtunda wa yapakatiyo, kuwerengera pamene mpira wagwera, osati pamene wakaima. Wosewera aliyense amakumbukira shoti yake yabwino kwambiri n'kumaitenga ngati ndiyo yanthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake mipira yambiri imagwera kutsogolo kwa green, kumene nthawi zambiri kumakhala maenje a mchenga ndi madzi. Ndimakumbukiranso kuti mumpweya wozizira mpira suuluka patali, ndipo panthaka yonyowa sugubuduzika, choncho masiku oyambirira ndimatenga ndodo yaitaliko kuposa imene ndikanatenga pakati pa nyengo. Manambalawa ndimawalemba pa kakhadi n'kukaika m'thumba la chikwama. Driver imabwera zonsezi zitatha, ndipo ndimayamba kuimenya mofatsa, ndikufuna kuti ndithe kuima njii pa mwendo wakutsogolo mpira utachoka, osadzandira.

Masewera oyamba ndimasankha maenje 9 okha, nthawi imene pabwalo palibe anthu ambiri, ndipo ndimayambira pa tee yakutsogolo, malo omenyera shoti yoyamba amene ali pafupiko ndi dzenje, kuti ndisakakamizike kumenya mopyola mphamvu zanga. Ndimafika msanga kuti ndimasule thupi ndi kuyesa liwiro la green. Pa khadi, pambali pa chiwerengero cha mashoti, ndimalemba zinthu zitatu pa dzenje lililonse: mbali imene shoti yoyamba yapita, ngati mpira wolowera ku green waperewera kapena wapitirira, ndi kuchuluka kwa mashoti a putter. Ndikafika kunyumba ndimawerenga khadilo mtima uli m'malo. Ngati likuonetsa kuti ndamenya katatu pa ma green angapo, mlungu wotsatira ndimabwerera kukayeza mphamvu ya putter patali. Ngati mipira yambiri yaperewera, ndimakonzanso manambala a pa kakhadi kaja ndisanalembetse mpikisano woyamba wa nyengoyo.