Zikomo nonse amene munadikira nane mvula

Ndafika kunyumba ku Area 25 Lachiwiri usiku, gauni ili m'chikwama, miyendo itatupa ndi ulendo wa basi. Mauthenga anu ndawaona onse, koma kuyankha mmodzimmodzi sindikwanitsa, ndiye ndati ndilembe pano. Ndamaliza digiri ya masters ya uinjiniya wa telecommunications ku University of Dar es Salaam. Maphunziro a zaka ziwiri anditengera zaka zitatu, ndipo chaka chachitatucho ndi chimene ambiri a inu munandinyamula.

Ena mwakhala mukundifunsa kuti kwenikweni ndimaphunzira chiyani. Mukayang'ana nsanja ya netiweki, kupatula timabokosi titalititali tolumikizana ndi foni zathu, pamakhala zina zozungulira ngati ng'oma. Zimenezo ndi za microwave. Ng'oma ya pa nsanja ino imayang'anizana ndi inzake ya pa nsanja ina makilomita angapo kutali, ndipo mafoni, mauthenga a WhatsApp ndi ndalama zotumizirana za dera lonse zimadutsa mumlengalenga pakati pa ziwirizo mpaka zikafike pomwe pali fibre, waya wotumiza mauthenga ndi kuwala. Kulumikizana kwa ng'oma ziwirizo timakutcha link. Mdani wake wamkulu ndi mvula. Mafunde a wailesi amenewa akapitirira 10 GHz (muyezo wa frikwense yawo) madontho amayamba kuwamwa ndi kuwabalalitsa, ndipo pa 18 kapena 23 GHz mvula yamkuntho itha kuzimitsiratu link yonse. N'zomwe zija zimachitika TV ya setilaiti ikamadula kunja kukukhuthuka mvula. Injiniya amafuna link izigwira ntchito 99.99 peresenti ya chaka, kutanthauza kuti imaloledwa kugwa mphindi pafupifupi 53 zokha chaka chathunthu. Powerengera zimenezi amadalira ziwerengero za mvula za ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi mawailesi. Funso langa linali lakuti, kodi ziwerengerozo zikugwirizana ndi mvula imene imagwadi kuno ku Lilongwe?

Kuti ndiyankhe ndimayenera kuyeza mvula mphindi iliyonse, osati ya tsiku lonse pamodzi, kenako n'kuifananiza ndi mphamvu ya siginolo pa link imodzi yochokera mbali ya kwathu kuno kulowera ku Lumbadzi. Chaka choyamba ndinali m'kalasi ku Dar es Salaam. Chachiwiri ndinabwerera kudzatchera zipangizo, n'kuyamba kudikira dzinja la 2023 mpaka 2024.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama ya fizi imene tinasunga ndi bambo a kunyumba inasungunuka tikuyang'ana. Tisanapume n'komwe, mvula ija inatithawa. Mu Febuluwale 2024 kumwamba kunangoti mbee, chimanga chinafota chili pafupi kutulutsa ngayaye, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mvula zamphamvu zimene ndinapeza zinali zochepa kwambiri moti sizikanakwana kafukufuku.

Tsiku lina ndinapita kwa malume ku Lumbadzi, komwe tinaika choyezera mvula chachiwiri, ndili ndi madandaulo anga a sukulu. Malume sanayankhe zambiri, anangonditengera kumunda. Masamba a chimanga anali atapotana ngati anyezi. Ine ndimalira mvula chifukwa cha pepala, iwo amalira nsima ya ana asanu ndi mmodzi. Ndinachita manyazi, ndinangoti kukamwa yasa. Koma anali iwo omwewo amene anati: "Chipangizo chako chisiye pomwepo, chaka chamawa igwa." Malume, chaka chimene nkhokwe yanu inali mbee munandisungira chipangizo, mumachipukuta fumbi, mumathamangitsa ana ochigenda. Zikomo.

Amayi anga, za inu ndifotokoze bwinobwino. Choyezera choyamba chinali pa mtengo wachitsulo kuseri kwa nyumba yanu. Mkati mwake muli tizikho tiwiri tokhala ngati sikelo. Kamodzi kakalandira madzi okwana mamilimita 0.2 kamapendekeka n'kukhuthula, kanzake n'kuyamba kulandira, ndipo kupendekeka kulikonse kumalembedwa ndi nthawi yake m'kabokosi koyendera batire ndi sola. Ine ndinangokupemphani kuti muzichotsa masamba a mango pakamwa pake. Inu munagula kope la mizere pa golosale, n'kuyamba kulemba mvula iliyonse. Tsamba lina ndalisunga, likuti: "2:40 masana yayamba ndi mphepo. 3:05 yakula, sitikumvana m'nyumba chifukwa cha malata. 3:30 yakata."

Mu Januwale 2025, mvula itabwerera ndithu, batire la kabokosi kaja linafa usiku wina, wotchi yake n'kubwerera m'mbuyo. Ndinazindikira patatha sabata zitatu. Mvula zabwino kwambiri za kafukufuku wanga zinali m'sabata zimenezo, koma nthawi zake zinali zosokonekera, zosatheka kuziyika pambali pa siginolo. Ndinalira usiku umenewo. M'mawa munabwera ndi kope lanu, tinakhala pa mkeka, inu mukuwerenga nthawi, ine ndikufufuza pa laputopu, mpaka tinapeza kuti wotchi inatsalira ndi masiku angati ndi mphindi zingati. Maprofesa atandifunsa pa tsiku loteteza kafukufuku kuti ndinakonza bwanji vutoli, ndinawaonetsa chithunzi cha kope lanu. Ndipo zonsezi mumachita mukundilerera mwana, amene ndinamusiya akuyamba kumene kulankhula.

Bambo a kunyumba, munagulitsa njinga yamoto imene inkatibweretsera kangachepe madzulo aliwonse, ndipo simunanditonzepo nayo ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankakunenani kuti mwamuna wanji wolola mkazi kukakhala kunja chaka chonse. Munkangoseka. Ndikudziwa kuti zinkakupwetekani.

Amayi a banki mkhonde ya kwathu, munandibwereketsa kawiri ndisanamalize ngongole yoyamba, zomwe malamulo anu salola. Amayi a Chigwirizano, munabwera kudzapemphera nafe ndipo pochoka munasiya envulopu pansi pa mbale. Achemwali anga a ku Kawale, mayunitsi ndi mabandulo amene munkanditumizira sindingawawerenge.

Ndithokozenso anyamata okwera nsanja a kampani imene inandilola kugwiritsa ntchito link yawo. Ine masamu a link ndimawadziwa, koma ndi iwo amene anandionetsa kuti siginolo ikatsika si nthawi zonse yatsitsidwa ndi mvula. Nthawi zina mphepo yasuntha ng'oma pang'ono, nthawi zina madzi alowa pa cholumikizira, nthawi zina mtengo wa bulugamu wakula n'kulowa m'njira ya mafunde. Mkulu wawo anakwera dzuwa lili paliwombo, lamba m'chiuno, n'kumatembenuza bawuti pang'onopang'ono mnzake pansi akumuwerengera manambala mokuwa. Popanda iwo ndikanaipaka mvula milandu yosalakwa. Anandiuzanso chinthu chimene zoyezera zanga zinadzatsimikiza: mvula ya kuno imagwa mwa zigawo. Ku Kanengo itha kukhuthuka, ku Area 25 anthu akuyanika zovala. Choyezera chimodzi sichingakuuze zonse zochitika m'njira ya link.

Kwa supavaiza wanga: nditakulemberani kuti ndikufuna kusiya, munandiimbira foni nokha n'kundiuza kuti ndipemphe chaka china ndipo kalata yake mundithandiza kulemba. Munawerenga chaputala chachinayi kasanu.

Moyo wa pa sukulu ndiusowa. Makalasi athu anali ku CoICT, koleji ya za makompyuta ndi matelefoni ya ku Kijitonyama, koma Loweruka tinkakwera daladala (minibasi) kupita ku kampasi yaikulu ya Mlimani kukawerengera pansi pa mtengo waukulu uja ophunzira amautcha Mdigrii. Kutentha kwa ku Dar es Salaam kunandisowetsa tulo mwezi woyamba, ndipo Chiswahili changa chinali cha pa msika basi. Mnzanga wa m'chipinda, mtsikana wa ku Mbeya, ndi amene anandiphunzitsa kukwera daladala osasochera, ndipo ndalama zikachedwa tinkagawana mbale imodzi ya chipsi mayai. Mu labu tinkakhala mpaka usiku kulumikiza ma router, wina akalakwitsa adiresi imodzi netiweki yonse n'kugwa, tonse n'kuyambiranso. M'kalasi mwathu akazi tinali ochepa, ndipo tinagwirana manja zolimba.

Ulendo wa pa basi unkandipatsa maganizo. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadalira mawaya a pansi pa nyanja ofikira kwa anzathu. Waya wa SEACOM anayamba kugwira ntchito mu 2009, wa EASSy mu 2010, ndipo onse awiri amafikira ku Dar es Salaam. Ndikamadutsa Mbeya, Kasumulu, mlatho wa Songwe, Karonga mpaka Lilongwe, ndinkadziwa kuti mbali ina ya intaneti yathu imadzera njira yomweyo. Ine zimanditengera usana ndi usiku, kuwala kwa mu fibre sikutha ngakhale sekondi.

Aphunzitsi anga a ku Poly, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, maziko munaika ndinu. Mmodzi wa inu anandilembera kalata yondichitira umboni ali pa tchuthi kumudzi.

Zoyezera ziwiri zija sindizichotsa. Dzinja likubwerali ndipitiriza kuyeza, ndipo wophunzira aliyense wa uinjiniya amene akufuna ziwerengerozi pa kafukufuku wake andilembere, ndimupatsa ulere. Amayi agula kale kope lina.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi tidzakhala kunyumba kwa amayi. Kudzakhala thobwa, nkhuku ya lokolo ndi nsima. Malume akubwera kuchokera ku Lumbadzi, anyamata a nsanja alonjeza kuti afika. Nonse amene ndakutchulani, ndi inu amene munandipempherera chamumtima, bwerani mudzaione gauniyi ndi kope lija.