Musafese mbewu ya udzu musanaiyese pa chiguduli

Lero m'mawa ndatchetcha kachitatu, kenako ndakhala pakhonde kuonerera ana akugubuduka pa udzu osadetsa ndi malaya omwe, mtima wanga nde wakhala pansi tsopano. Koma kuti ndifike apa abale ndaona zakuda, ndalama zinapita, madzi anapita, komanso pali tsiku lina lathunthu limene mpaka pano ndikalikumbuka mtima umawira. Ndati ndilembe poti ambirife kuno ku Tafara ndi ku Mabvuku mu Harare muno timasirira kabwalo kobiriwira, makolo athu anakalambira m'magadeni a eni ake ku Highlands ndi ku Greendale uko koma pamakomo pathu ndi fumbi lokhalokha.

Bwalo langa ndi laling'ono, mamita 8 m'litali 6 m'lifupi. Kutsogolo ndi pamtetete dzuwa kuyambira m'mawa mpaka kulowa, chakumbali kuli mango ndi peyala zimene anadzala malemu bambo anga. Mphepo ya mu Ogasiti ija ikayamba mchenga umalowa mpaka m'mbale ya ndiwo, mvula ikabwera nde matope mpaka pa sitepe, mayi a kunyumba anatopa nako kukolopa. Nde kumayambiriro kwa Okutobala ndinati basi chaka chino tidzale kapinga.

Ndinakwera kombi kupita mtauni, ndinalowa mu kashopu kena kogulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda chakumunsi kwa tauni uko, dzina sinditchula. Mnyamata wake anatsegula chibekete, kutapa ndi kapu, kuthira mu jumbo yopanda dzina yopanda deti, amvekere mdhara uyu ndi Kikuyu weniweni masabata awiri mukhala mukutchetcha. Madola 25. Nditati lisiti akuti buku latha mudzatenga ulendo wina. Apa mpamene panayambira mavuto onse ndipo ndikupempheni, mbewu ya mu bekete yotsegula musagule, gulani ya mu paketi yomata yolembedwa mtundu wake ndi deti, ndipo olo ya mu paketiyo muiyese kaye pa chiguduli chonyowa musanamwaze pabwalo.

Amene mumakhala kuno mukudziwa nkhani ya madzi, pampopi pathu pamatha nthawi yaitali osadontha kanthu. Masabata atatu ndi theka ine ndi mwana wanga wamkulu timadzuka 4 koloko kukafola ku mjigo, zigubu za malita 20 zinayi pa wilibala, maulendo atatu m'mawa awiri madzulo, mu Okutobala mwezi wotentha kuposa yonse mu Harare muno. Madzi oti tikanachapira, kuthirira dothi. Chimene chinamera ndi dawe, bonongwe ndi chisoso basi. Tsiku lililonse ndimagwada kuyang'ana ngati kali kalikonse kakusuzumira, ayi ndithu.

Amene anandipulumutsa ndi amalume anga, mlongo wawo wa mayi, anagwira ntchito ya m'gadeni ku Mount Pleasant zaka zoposa 30, pano anapuma ali ku Mufakose. Anabwera kudzationa Lamlungu lina, anazungulira bwalo lonse osayankhula, kenako akuti mphwanga mbewu yotsala ilipo? Ndinawapatsa. Anawerenga njere 50, kuziyala pa chiguduli chonyowa, kupindapinda, kuika mu jumbo ndi kusiya pamwamba pa kabati pofunda, akuti uziwaza timadzi chisaume, uzitsegula pakapita masiku angapo. Patatha masabata awiri zinamera 4 zokha mwa 50. Pa foni akuti mphwanga mbewu imeneyo inafa kalekale, mbewu ikakhala poyera pa kutentha ndi chinyezi imatha mphamvu, ukanayesa poyamba sukanataya dontho ndi limodzi lomwe. Chiguduli chokha abale, chinthu chosagula.

Nde tsiku lowawitsa mtima lija. Ndinapempha ku ntchito, tsiku losalipidwa, ndinanyamula mbewu yotsala ndi chiguduli chomwe ngati umboni. Ndinatsika pa renki ya Fourth Street 8 koloko isanakwane nkuyenda wapansi mpaka kushopu kuja. Mnyamata uja akuti sakundikumbuka. Kenako akuti dikirani abwana akubwera pompano. Ndinaima pakhomo pa shopu mpaka 11 koloko, mpando osandipatsa, ndikuona ndi maso angawa anthu ena akutapiridwa mu bekete lomwe lija, ndinamuuza mayi wina kuti amayi imeneyo siimera, mnyamata uja nkuyamba kundikalipira kuti ndikuthamangitsa makasitomala. Kenako akuti abwana lero ali ku shopu yawo ina ku Msasa pitani konko. Kombi ina. Kufika kumeneko akuti angochoka kumene abwerera mtauni. Kombi inanso, njala ili pamimba, dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza cha m'ma 3 koloko, ndinawayalira chiguduli pa kauntala mwaulemu ndithu, bambo taonani njere 50 zamera 4. Osachiyang'ana nkomwe. Funso lawo linali limodzi, lisiti ili kuti. Lisiti yomwe anyamata awo anandikaniza! Atatero akuti mwina munakwirira kwambiri, mwina simumathirira, anthu ambiri simudziwa kudzala udzu. Ine amene ndinakankha wilibala masabata atatu ndi theka kundiuza kuti sindimathirira. Mapeto ake akuti tikuchotserani madola 5 mukagula ina, ya mu bekete lomwelo. Ndinangopinda chiguduli changa nkutuluka, ndinafika kunyumba kutada, ndalama ya tsiku yapita, ya makombi yapita, 25 ija yapita. Chimandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi koma kuti bekete lija mwina mpaka lero likadali pompo ndipo wina akukankha wilibala ngati mmene ndimachitira ine.

Kachiwiri ndinachita zonse mmene ananenera amalume. Choyamba anandiuza kuti tsiku limodzi ndingoyang'ana dzuwa, m'mawa, masana ndi madzulo, nkulemba ndi ndodo pansi pamene mthunzi ukufika. Apa mpamene ndinadziwa kuti olo mbewu ija ikanakhala yamoyo, pansi pa mango sipakanamera zolongosoka, chifukwa Kikuyu amafuna dzuwa lambiri, pamthunzi amaonda nkutha. Udzu umenewu kwawo ndi kumapiri a ku Kenya nchifukwa chake umakondwa ndi Harare, ifenso tili pamtunda pafupifupi mamita 1,500. Umayanga msanga, ana akapondaponda umadzibwezeretsa wokha, koma umadya feteleza ndi madzi ndipo ukautayirira ulowa mu bedi la masamba nkupha repu yense, nde muikiretu malire a njerwa zozika pansi. Mu Juni ndi Julayi kukazizira umafiira, musadandaule sunafe, umadzuka kukafunda.

Pamthunzi amalume anati tidzale udzu wa LM, ena amati Berea kapena udzu wa ku Durban. Umenewu sitinafese, anandibweretsera mitsitsi yake mu saka kuchokera kwa mnzawo amene akadagwirabe ntchito m'gadeni, tinadzala m'mizere motalikana ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Ndi wofewa, umapirira mthunzi, koma sufuna kupondedwa kwambiri ndipo sufuna kumetedwa mpala, muziusiya wautali ndithu. Wina ndi Buffalo wa masamba akuluakulu uja, umathanso pamthunzi pang'ono koma umachedwa kuyanga, ndipo umadzalidwa ndi mitsitsi, munthu akakuuzani kuti ali ndi njere za Buffalo mu kapu muzingodutsa. Ndiye pali kapinga wathu yemwe uja wa m'mbali mwa msewu amene anzathu achishona amati tsangadzi, amene alibe madzi kwenikweni ameneyu nde bwenzi lake, chilala amapirira kuposa onsewa bola dzuwa likhalepo. Kunena zoona ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, mbali ya kugeti ndikanaika ameneyu.

Ndipo chenjerani ndi mapaketi okongola aja olembedwa evergreen, a chithunzi chobiriwira ngati bwalo la gofu. Mkati mwake mumakhala udzu wa kumaiko ozizira, ryegrass ndi fescue. Umamera msanga zedi sabata imodzi waoneka, umakhala wobiriwira olo mu Julayi, koma umafuna madzi chaka chonse ndipo suyanga, pakafa chigamba pamakhala pomwepo mpaka mufesenso. Neba wanga anafesa umenewu mu Seputembala, unamera bwino anthu kumaima pa mpanda, pofika Novembala unali utapsa wonse. Ndi wa anthu amene ali ndi mjigo wawo ndi thanki pakhomo, ndipo nawonso amafesa cha mu Malichi kapena Epulo kukayamba kuzizira.

Aa ndadumpha za dothi. Kuno kwathu dothi ndi la mchenga, lochokera ku miyala ikuluikulu ija mumaiona ku Epworth ndi kuno konse, madzi amangolowa nkupita, chakudya mulibe. Kumpoto uko kumene amagwira amalume ndi katondo wofiira, amasunga madzi koma akauma amalimba ngati njerwa, ndipo amene muli kufupi ndi dambo muli ndi makande akuda aja ong'aluka m'chilimwe nkudikha madzi m'dzinja. Nde musatengere za mnzanu wa dera lina. Ine ndinatipula ndi khasu kuzama ngati fosholo imodzi, kutola miyala ndi zidutswa za simenti zimene anasiya omanga, nkuthira manyowa owolerana mawilibala 12 ndi feteleza wa Compound D pang'ono, kusakaniza bwinobwino. Manyowa akhale owola, a ng'ombe aawisi amabwera ndi njere za udzu wa kutchire. Dawe nde musamuzule mongodula pamwamba, ali ndi timbatata pansi, mukasiya kamodzi kabereka ena, ine ndinachita kusefa dothi ndi sefa ya mchenga pamalo pamene anachuluka, masiku awiri ndili chogwada. Ndikatero ndinasalaza ndi leki, kupondaponda ndi thabwa kuti pasakhale zigwa, nkusiya masabata awiri kuti zomera zokha zimere ndizipalire ndisanafese.

Mbewu yachiwiri ndinagula kwina, ya mu paketi yomata, lisiti m'thumba. Ndipo ndinaiyesabe pa chiguduli, njere 50, zinamera zoposa 40. Muziyesa abale, olo mwagula mu shopu yooneka bwanji.

Ndinafesa kumapeto kwa Novembala mvula yoyamba itagwa kawiri, dothi lili lofunda komanso lonyowa. Njere za Kikuyu ndi zazing'ono kwambiri, ukamwaza ndi dzanja zokhazokha zimaunjikana pamodzi, nde amalume anati ndisakanize ndi mchenga wouma mu ndowa, kugawa pawiri, theka kumwaza ndikuyenda m'litali theka ndikuyenda m'lifupi. Muyeso wake tsatirani umene walembedwa pa paketi, kuchulutsa sikuthandiza. Kukwirira kwake ndi kungokanda ndi leki pang'ono, dothi lisapose theka la sentimita pamwamba, nkupondanso ndi thabwa lija kuti njere igwirane ndi dothi. Pamwamba ndinayala udzu wouma mopyapyala chifukwa cha njiwa ndi nkhuku za aneba, komanso mvula yathu ya mabingu ija ikagwa pa dothi lamaliseche imakokolola mbewu yonse kukaiunjika ku ngalande. Nyerere nazo zimatuta njere, muziyang'ana mizere yake m'mawa. Masiku opanda mvula ndimathirira ndi kheni ya sefa kuchibowo, pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo kuti pamwamba pasaume, osati kukhuthula ndowa.

Tsiku la 12 ndinaona timasamba ngati singano, ndinaitana nyumba yonse kudzaona. Pofika masabata atatu ponse panali biriwiri, ndinachotsa udzu wouma uja. Apa ana ndinawaletsa kupondapo mpaka Januwale, inali nkhondo koma anamvera. Kutchetcha koyamba dikirani ufike ngati kutalika kwa chala, ndipo mungodula nsonga, osapitirira gawo limodzi mwa atatu, makina akhale akuthwa chifukwa obuntha amazula. Ine ndinabwereka a pamanja okankha aja. Nditatchetcha koyamba ndinamwaza feteleza wa AN pang'ono kukubwera mvula, ameneyu samalani naye, mukathira pa udzu wouma dzuwa lili phwee osathirira amatentha masamba, pakona pena pamene dzanja linalemera panapsa ndipo panatenga masabata awiri kuti pabwerere.

Chatsala pano ndi pansi penipeni pa mango, LM wagwira koma sanatsekebe, amalume akuti ndidulire nthambi ziwiri za m'munsi kuti kuwala kuzilowa ndipo ndizisesa masamba asamaunjikane. Akutinso mvula ikatha ndiyang'anire chiswe chija chodula udzu nkukokera kuuna, chimayamba timabala tozungulira cha mu Meyi. Loweruka akubwera ndi saka ina ya mitsitsi, ndawasungira kale ya kombi ndipo mayi a kunyumba akuti awaphera nkhuku.