Kadontho kofiira m'sikopu: momwe ndidayesera ndisanagule

Chidandiyambitsa nkhaniyi ndi nguluwe ina yakuda imene idatulukira m'mphepete mwa thengo dzuwa litangolowa. Nyamayo ndinkaiona bwinobwino m'sikopu, galasi loonera patali lomangidwa pa mfuti, koma mtanda wolozera wa m'katimo udasowa. Timizere takuda pa ubweya wakuda, kumbuyo kulinso mitengo yakuda. Sindidawombe, chifukwa mlenje amene sakudziwa pomwe chipolopolo chikagwere amangovulaza nyama. Ndidabwerera ndi funso: kodi sikopu ya mtanda woyaka ikadandithandiza?

Sindidathamangire kugula. Ndidabwereka ya mnzanga ya kadontho kofiira koyaka, ya 3-9x40 (yokulitsa katatu mpaka kasanu ndi kanayi, ya galasi lakutsogolo la mamilimita 40), n'kuiika pambali pa yanga yakale. Mfuti ndidaichotsa zipolopolo ndi bolt yomwe (chitsulo cholowetsa chipolopolo mu mpope), popeza ntchito ya tsikulo inali yongoyang'ana.

Choyamba ndidakonza kagalasi kakumaso, ndikuyang'ana kumwamba kopanda mitambo mpaka mtanda utaoneka wakuthwa. Ambiri amadumpha pamenepa, kenako n'kumadandaula kuti kadontho kofiira kakuoneka ngati nyenyezi yophwanyika. Nditatero ndidapaka katoni utoto wakuda, n'kukaiimika pa mamita 100 patsinde pa mitengo yothithikana. Kuyambira pomwe dzuwa lidalowa, ndinkasuzumira m'masikopu onse awiri mphindi zisanu zilizonse.

Poyamba panalibe kusiyana. Kudakawala, kuyatsa mtanda n'kungomaliza batire. Mdima utayamba kugwira, mtanda wa sikopu yanga udayamba kusungunukira m'katoni muja, ndiye ndidayatsa ya mnzanga. Apa ndidalakwitsa: ndidapotokola kabatani mpaka pa 6, poganiza kuti kuwala kwambiri ndiye bwino. Kadonthoko kadawala zedi, koma katoni idazimiririka, m'sikopu monse mudangoti psuu. Chimachitika n'chakuti diso likaona chinthu chowala, mwana wa diso amachepa, ndipo zonse za mumdima zimabisika. Nditabweza pa 1, katoni idaonekanso, kadontho kali pakatikati ngati khala latsala pang'ono kuzima. Ndidaphunzira kuti pogula sikopu yotere, chofunika kuyang'ana si kuwala kwake kwapamwamba ayi, koma ngati imatha kuwala pang'onong'ono kwambiri. Zotchipa zambiri zimagwera pomwepa, ngakhale pa 1 zimathobwa m'maso.

Chinanso chimene ndidaona ndi maso anga n'chakuti nyali ya m'sikopuyo siwalitsa nyama. Imangoonetsa mtanda basi. Kuwala kwa chithunzi kumadalira ubwino wa magalasi ndi kukula kwa kuwala kotulukira kumaso, komwe mumakupeza pogawa kukula kwa galasi lakutsogolo ndi mphamvu yokulitsira. Galasi la mamilimita 40 pa 9x limapereka mamilimita 4.4 okha, koma mukatsitsa pa 6x limafika pafupifupi 6.7. Mwana wa diso la wachinyamata amatseguka mpaka mamilimita 7 mumdima, la ife achikulire silifikako. N'chifukwa chake alenje a ku Germany, amene amadikirira nguluwe usiku wa mwezi, adakonda sikopu ya 8x56, imene imapereka mamilimita 7, kuyambira kale, pamodzi ndi mtanda wa mizere yonenepa wotchedwa German #4. Nditatsitsa mphamvu pa sikopu yanga yakale, ndidapeza mphindi zina zingapo zaulere, popanda batire.

Kenako ndidachotsa batire, ka CR2032 kaja konga ndalama yachitsulo, kuti ndione chotsala likafa. Mtanda udalipobe, wakuda, chifukwa ndi wozokotedwa pagalasi. Ichi chidandikhazika mtima pansi, pakuti ine kuiwala kuzimitsa zinthu ndi matenda anga, komanso kuzizira kumafooketsa batire. Masikopu ena, monga a Leupold, amazima okha akakhala mphindi zisanu osagwedezeka n'kuyakanso mukanyamula mfuti. A Trijicon AccuPoint alibe n'komwe batire, amawala ndi fiber optic (ulusi wotenga kuwala kwa kunja) masana ndi tritium (mpweya wowalitsa popanda magetsi) mumdima, kungoti tritium imachepa mphamvu ndi theka pakatha zaka pafupifupi 12.

Ndisanatulutse ndalama ndidawerenganso malamulo a kumene ndimasaka. Mtanda woyaka suponya kuwala pa nyama ngati tochi kapena laser, ndiye malo ambiri amaulola, koma pali nyengo ndi mitundu ina ya usaki imene zida zamagetsi pa mfuti n'zoletsedwa. Ndipo kadontho kofiira sikawonjezera maola ololedwa kusaka.

Ndidagula ya kadontho kamodzi pakati, osati yoyaka mtanda wonse, yokhala ndi pozimitsira pakati pa nambala iliyonse kuti ndizingopotokola kamodzi kufika pa 1. Ndidadikira miyezi ingapo kuti ndalama zikwanire ya magalasi abwino, chifukwa pa mtengo wofanana ndikadasankha sikopu yosayaka ya magalasi oyera kusiyana ndi yoyaka ya magalasi achimbuuzi. Amene amasaka masana pamalo oyera, pa nyama zofiirira, ndinganene kuti asadzivutitse nazo.

Nditaimanga pa mfuti ndidailinganiza pa mamita 100 ili yozimitsa, kenako ndidawombanso zipolopolo zitatu ili yoyaka, ndipo zidagwera malo omwewo. Pa ulendo uliwonse ndimaiyatsa kwa mphindi mwina 15 zokha, m'bandakucha kapena chisisira. Batire lina latsopano limakhala m'thumba la jekete, lokulungidwa ndi tepi.