Sukulu ya mpingo, malipiro a boma: nanga mwana wa chipembedzo china?

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Linthipe, kudutsa pa Dedza boma ndi pa Lizulu mpaka kukafika ku Ntcheu, akamawerenga zikwangwani za sukulu za pulayimale zimene zili m'mbali mwa msewuwo amaona kuti zambiri zimatchula mwini wake: ina ndi ya Katolika, ina ya CCAP, ina ya mpingo wina, ndipo apo ndi apo pamapezeka ya LEA (Local Education Authority), yomwe ndi ya boma ndipo ilibe mpingo. Komabe aphunzitsi a m'sukulu zonsezi amalandira malipiro kuchokera ku boma, amatsatira silabasi imodzi ya Unduna wa Zamaphunziro, ndipo ana awo a Sitandade 8 amalemba mayeso amodzi a MANEB. Sukulu yotereyi timaitcha ya boma pamene tikudandaula za kuchepa kwa mabuku ndi madesiki, koma timaitcha ya mpingo ikangofika nkhani ya mapemphero. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndakhalapo m'komiti ya sukulu ya m'dera lathu kuno ku Dedza, choncho mbali ziwiri zonsezi zimandikhudza.

Ku America nkhani ya Baibulo m'sukulu za boma yatenthanso zaka zino. Mu Novembala 2024 bungwe loyang'anira maphunziro m'chigawo cha Texas linavomereza, ndi mavoti 8 kwa 7, mabuku ophunzitsira kuwerenga otchedwa Bluebonnet Learning, omwe ali ndi nkhani za m'Baibulo m'makalasi a ana aang'ono. Sukulu sizikakamizidwa kuwagwiritsa ntchito, koma zimene zawatenga zimalandira ndalama zoonjezera pa mwana aliyense. Chaka chomwecho chigawo cha Louisiana chinakhazikitsa lamulo loti Malamulo Khumi apachikidwe m'kalasi iliyonse ya boma, ndipo nkhaniyo inathamangira ku makhoti. Mkanganowu uli ndi mizu yakale, pakuti malamulo a dzikolo kuyambira 1791 amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, ndipo khoti lawo lalikulu linagamula mu 1962 kuti sukulu ya boma isamachititse ana pemphero lolembedwa ndi akuluakulu a boma, kenaka mu 1963 linaletsanso kuwerengera ana Baibulo ngati mwambo wa mapemphero a m'mawa. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti chigamulo cha 1963 chomwecho chinanena kuti kuphunzira za Baibulo ngati mbali ya mbiri ndi zolembalemba n'kololedwa. Chimene chinaletsedwa ndi kupembedzetsa ana, osati kuwadziwitsa.

Anzanga ena akamva nkhani zimenezi amati nafenso tichotse chipembedzo m'sukulu zonse zolandira ndalama za boma. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa mbiri ya sukulu za kuno inayenda njira ina. Pamene ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, pamene a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902, ndiponso pamene amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mlanda chaka chomwecho ndi Mphunzi pambuyo pake, boma la atsamunda linalibe sukulu ngakhale imodzi ya mwana wa Mchewa kapena Mngoni. Linayamba kupereka kathandizo kochepa ku mamishoni mu 1907, ndipo dipatimenti ya zamaphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Agogo athu anaphunzira kuwerenga m'kachisi wa udzu yemwe Lamulungu amakhala tchalitchi, ndipo mphunzitsi wawo ndiye anali mlaliki yemweyo. Mpaka lero aphunzitsi ambiri aakazi a m'sukulu za boma anasulidwa ku koleji ya St Joseph's ku Bembeke, yomwe ndi ya mpingo wa Katolika. Munthu wouza mipingo kuti ichoke m'sukulu zimene inaumbira njerwa ayenera kuyamba wanena kumene boma lingapeze malo ndi ndalama zomangira zina, makamaka tikakumbukira kuti chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi sanakwanepo.

Koma mbiri yomweyo imabweretsa vuto limene ife a mipingo sitikonda kulikamba. Kholo la ku Lilongwe kapena ku Blantyre lomwe silikondwera ndi zimene sukulu ikuphunzitsa lingathe kusamutsira mwana wake ku sukulu ina. Mayi wa kumudzi kwa Tambala, kwa Kachindamoto kapena kwa Kasumbu alibe mwayi wotero. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amapita ku sukulu imene miyendo yake ingafike, ndipo nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzaza, ngakhale sukulu yachiwiri kuyandikira imakhala ngati kulibe. Ngati sukulu yokhayo ndi ya mpingo wanga, mwana wa Msilamu, wa Mboni za Yehova, wa Seventh-day kapena wa banja la gule wamkulu sanaisankhe ayi. Wabwera chifukwa malamulo a dziko amamupatsa ufulu wa maphunziro, ndipo msonkho umene bambo ake amadula pogula sopo ndi shuga ndi umene ukulipira mphunzitsi amene waima kutsogoloyo.

Zimene ndinaona m'mawa wina pa asembule ya sukulu ina n'zimene zimachitika m'malo ambiri. Ana anandandalika pa mizere malinga ndi makalasi, aang'ono kutsogolo atapinda manja m'khwapa chifukwa cha chisanu cha mu Juni, ndipo mphunzitsi wa pa dyute, ali ndi kandodo m'manja, analamula onse kuti atsinzine. Mtsikana wa Sitandade 7 anapemphera m'dzina la Yesu, kenaka anayambitsa nyimbo ya kwaya, ana onse n'kumavomera akuomba m'manja. Pa mzere wa Sitandade 3 panali kamtsikana kovala mpango woyera kumutu, komwe kanaweramitsa nkhope koma sikanatsegule pakamwa. Mphunzitsiyo anakaloza ndi ndodo ija n'kunena mokweza kuti, "Iwe, pakamwapo pali chiyani? Pano si kumzikiti." Ana anzake anaseka, ndipo kamwanako kanayamba kugwedeza milomo kuti kaoneke ngati kakuimba. Palibe anamenyedwa ndipo palibe anathamangitsidwa, moti mphunzitsiyo mwina anaiwala zonsezi isanakwane nthawi ya phala. Koma ine ndinadzifunsa kuti mwana amene waphunzira kunamizira kupemphera poopa kusekedwa wapindula chiyani, ndipo mpingo umene dzina lake lili pa chikwangwani wapindula chiyani.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 satchula chipembedzo chilichonse kuti ndi cha boma, mosiyana ndi a anzathu a ku Zambia, kumene mtsogoleri wawo wa panthawiyo, Frederick Chiluba, analengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi la Chikhristu. Gawo 33 la malamulo athu limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho lochokera pa chipembedzo. Mawu akuti munthu aliyense akuphatikizapo mwana wa Sitandade 3. N'zoona kuti ndife anthu opemphera, pakuti ngakhale nyimbo ya fuko lathu imayamba ndi kupempha Mulungu kuti adalitse Malawi, ndipo kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu oposa 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu, pamene pafupifupi 14 ndi Asilamu. Kuchuluka kumeneku kumatipatsa mphamvu, ndipo n'chifukwa chake malamulo amateteza ochepawo, popeza ambiri sasowa wowateteza.

Nkhani ya phunziro la Bible Knowledge inafika povuta mu 2000, pamene Unduna unafuna kulichotsa m'masekondale n'kuikapo phunziro lokamba za zipembedzo zosiyanasiyana ndi makhalidwe abwino. Mipingo inakana kwamtuwagalu, ndipo poti mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Bakili Muluzi, ndi Msilamu, ambiri anaganiza kuti pali chiwembu chofuna kulowetsa Chisilamu m'sukulu. Boma linabwerera m'mbuyo, ndipo pamapeto pake anagwirizana kuti maphunziro awiriwa aziyendera limodzi. Ku pulayimale nakonso silabasi ili ndi Bible Knowledge ndi Religious Education, lachiwirili lokhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Pa pepala zimenezi zikuoneka zachilungamo. M'kalasi momwemo, amene amasankha si kholo kapena mwana, koma sukulu, ndipo sukulu imasankha malinga ndi mwini wake kapena malinga ndi mabuku amene ali mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana oposa zana m'kalasi sangawagawe pawiri kuti ena amve za ulendo wa Aisraeli pamene ena akumva za nsanamira za Chisilamu.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi abale anga ena mu mpingo. Sindikuona cholakwa kuti mwana wa Msilamu adziwe za Yosefe ndi abale ake, ndipo ambiri mwa ana amenewa amamudziwa kale Yusufu kuchokera ku madarasa. Sindikuonanso cholakwa kuti mwana wanga adziwe chifukwa chimene mnzake sakudya masana mwezi wa Ramazani, kapena kuti amve mphunzitsi akufotokoza mwaulemu za gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ndipo alendo amabwera kudzaphunzira za iye ku malo osungirako chikhalidwe a Kungoni ku Mua, m'malo momangomva kuti ndi zachikunja. Cholakwa chimayamba pamene phunziro lasanduka ulaliki, pamene funso la mayeso a pa teremu likufuna mwana avomereze chikhulupiriro m'malo mofotokoza zimene Akhristu amakhulupirira, ndiponso pamene mphunzitsi wolipidwa ndi boma akuuza ana kuti makolo a anzawo akapsa kumoto.

Abusa ena anandiyankha kuti, "Akulu a mpingo, sukuluyi tinamanga ndife. Amene safuna malamulo athu akamange yake." Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti walira mvula walira matope. Tsiku limene mpingo unavomera kuti boma lizilipira aphunzitsi, lizitumiza mabuku ndiponso lizipereka ndalama zotukulira sukulu, unavomeranso kuti chitseko chikhale chotsegukira mwana aliyense wa m'deralo. Mpingo uli ndi ufulu wonse womanga sukulu yakeyake yolipiritsa ndi kuikamo malamulo ake a chipembedzo, ndipo zoterozo zilipo. Koma sungatenge malipiro a aphunzitsi ku thumba la anthu onse n'kumauza ena mwa anthu omwewo kuti ndi alendo. Ndinawafunsanso kuti angamve bwanji mdzukulu wawo atapezeka ku Mangochi kapena ku Machinga, kumene sukulu yapafupi ingakhale ya Asilamu, n'kumauzidwa kuti agwade nawo pa swala.

Tinaona kale kumene kuumirira kumatifikitsa. Mu Novembala 2019 ku Balaka kunabuka ziwawa chifukwa cha atsikana a Chisilamu amene analetsedwa kulowa m'kalasi atavala hijabu pa sukulu ya mpingo, moti anthu anavulala, nyumba zopemphereramo zinaonongedwa ndipo ana a mbali zonse anakhala pakhomo osaphunzira. Zinatengera bungwe la Public Affairs Committee kukhalitsa pansi atsogoleri a zipembedzo, ndipo mu 2021 anasainirana mgwirizano wolola hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Ana a chipembedzo cha Rasta anadikira mpaka Meyi 2023, pamene Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anagamula kuti kuwakaniza sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo. Ndipo ife a m'malire muno tili ndi chikumbutso china chowawa, pakuti a Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967, ambiri anathawira ku Mozambique kudzera m'maboma athu ano, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Boma likayamba kuyeza chikumbumtima cha nzika zake, palibe mpingo umene ungadziwe kuti mawa lidzayeza cha yani.

Zimene ndimapempha m'komiti sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama zambiri. Pemphero la pa asembule lipitirire pa sukulu ya mpingo, koma mwana wosapemphera nawo aloledwe kuima chete popanda kulozedwa chala, ndipo aphunzitsi aakulu anene zimenezi poyera pamaso pa aphunzitsi anzawo kumayambiriro kwa chaka. Kalasi ya ubatizo, katekisimu ndi misonkhano ya magulu achinyamata a mpingo zichitike ataweruka, kwa ana amene makolo awo avomera, monga mmene ana a Chisilamu amapitira ku madarasa madzulo. Pa nthawi yolembetsa ana a Sitandade 1, kholo liuzidwe momveka kuti sukuluyi imaphunzitsa liti mwa maphunziro awiri a chipembedzo aja, ndipo kumene ana a zipembedzo zina ali ambiri, komiti, mafumu, a shehe ndi abusa akhale pansi n'kuona ngati Religious Education silingakhale loyenera kuposa linzake. Chovuta chimene tinakumana nacho titakambirana zimenezi kwathu sichinali kukana kwa makolo, pakuti amayi ambiri a mbali zonse ankangofuna kuti ana akhoze mayeso, koma chinali chakuti m'kabati ya sukulu munali mabuku a Bible Knowledge okha, ndipo aphunzitsi awiri amene anavomera kuyesa phunziro linalo anapempha kuti a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'dera lathu, ayambe awakonzera maphunziro ku TDC, malo amene aphunzitsi amakaonjezerako luso, chifukwa ankaopa kulakwitsa pofotokoza za Chisilamu pamaso pa ana amene amachidziwa kuposa iwo. Kalata yopempha mabukuwo tinaitumiza ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu, ndipo nkhaniyi tinaiikanso pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa makolo wa teremu ikubwerayi.