Ulendo wa ku Ngabu: nkhaka si tomato

Tinanyamuka pa Bangula 6 koloko itangokwana, anthu 14 pa lole, ndipo amene anatidikiritsa pa msika akudzidziwa okha. Anzathu a dimba kufupi ndi Ngabu anatilandira ndi thobwa, n'kutiuza kuti kuwokera nkhaka, komwe tinapitira kukaona, tiona madzulo. Ena anang'ung'udza, koma eni dimba analondola. Dzuwa la kuno ku chigwa, ngakhale mu Juni, limafotsa mbande yowokeredwa masana.

M'mawa tinaona nazale. Iwo amafesa nkhaka m'machubu, njere ziwiri pa chubu, zikamera n'kudula yofookayo ndi lezala, osazula. Mbande imawokeredwa pakatha masabata awiri kapena atatu, ikakhala ndi masamba okhakhala awiri kapena atatu. Timasamba tiwiri tosalala toyamba tija sitiwerengedwa. Ikapitirira apo mizu imazungulira m'chubu ndipo m'munda imakula mopinimbira. Kutatsala masiku anayi amachotsa mthunzi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi kuti mbande ikhwime. Alangizi analankhulanso za kasinthasintha wa mbewu, kuti pomwe pachoka maungu kapena mavwende pasalowe nkhaka popeza matenda ake ndi amodzi. Mlembi analemba zonsezo m'kope.

Nkhomaliro inali nsima ya mapira ndi makakana owamba, pambali chisoso. Atcheya, amene m'lole ananena kuti mapira amawatupitsa m'mimba, anatha mitanda itatu, ndipo tili ndi mboni 13.

Mkangano unabuka dzuwa litapendeka. Mayi mwini dimba anathirira machubu, n'kudikira ngati ola kuti dothi ligwirane. Kenako anang'amba chubu ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amsungichuma athu anadzuka: "Mayi, mukuwononga ndalama! Bwanji osangosolola mbande, chubucho chidzagwirenso ntchito?" Mayiwo sanatsutse. Anawapatsa chubu chimodzi nati, "Sololani, bambo." Anasolola, dothi lonse linakhuthukira pansi, m'manja munatsala timizu toyera toduka. Anaiwokera payokha kumapeto kwa mzere, ndipo tisanakwere lole inali itagona pamene zinzake zili chilili. Tomato ukamuzula amaphuka mizu ina msanga ngakhale pa tsinde. Nkhaka mizu yake ndi yofewa, ikaduka imachedwa kubwerera, nthawi zina osabwerera n'komwe. Agogo athu anaweruza kuti chubu ndi chotchipa kuposa njere. Amsungichuma sanavomere mpaka lero, akuti azisoka machubuwo.

Phando amakumba lakuya ngati chubu chomwecho, n'kusakaniza dothi ndi manja awiri a manyowa a mbuzi owolerana bwino. Aawisi amatentha mizu. Mapando amatalikirana masentimita 50, mizere mita imodzi. Dothi la m'chubu lifanane ndi nthaka ya pamwamba. Apa ambiri a ife timalakwa chifukwa tinazolowera kukwirira tomato mpaka m'khosi, koma tsinde la nkhaka likakwiririka limaola patsinde pomwepo. Amatsindira pang'ono ndi zala, osati ndi phazi, n'kuthira madzi okwana lita imodzi m'mbali mwa phando. Udzu wophimbira usakhudze tsinde, pasiyidwe mpata wa zala zitatu, apo ayi chinyezi ndi chiswe zimayambira pomwepo. Masiku atatu oyamba amazika kanthambi ka masamba kumadzulo kwa mbande kuti katchinge dzuwa.

Dothi lawo ndi makande, losunga madzi, choncho amawokera pa mabedi okwera ndipo sathirira tsiku lililonse mbande ikagwira. Ife a mchenga wa m'mbali mwa Shire tisatengere zimenezo, kwathu madzi amathawa. Anatichenjezanso za madzi a mjigo amchere: masamba amapsa m'mphepete ngati awawulidwa, ndiye lawani madzi musanathirire. Mbande ikapezeka m'mawa itadulidwa patsinde, fukulani dothi pafupi, mbozi yake imabisala pomwepo. Bango la thandala azikiretu sabata yoyamba, mizu isanayale.

Takhuta kwa anzathu a ku Ngabu chifukwa cha machubu 30 amene anatipatsa. Afika 26, popeza anayi anakhaliridwa ndi thumba la mapira a atcheya. Zikomo adalaivala poyenda pang'onopang'ono m'mabampu, ndi amayi amene anatchinga mbande ndi zitenje njira yonse. Loweruka tikuwokera 4 koloko madzulo. Malezala agula amsungichuma.