Pulatifomu yathu ya ku Mulanje ilibe Kubernetes, ndipo ikuyenda

Anzanga opanga mapulogalamu ku Blantyre ndi ku Lilongwe akamva kuti ndine ndimayang'anira pulatifomu ya gulu lathu, amathamangira kufunsa kuti cluster yathu, kutanthauza gulu la maseva, ili ndi ma node (makina) angati. Ndikawauza kuti Kubernetes, chida choyendetsera mapulogalamu pa maseva ambiri nthawi imodzi, tilibe, ena amaseka, ena amandimvera chisoni. Ndiye ndati ndilembe zomwe tili nazo ndi chomwe chinatichititsa kusankha zimenezo.

Ntchito yathu ndi pulogalamu yolembera tiyi wa alimi ang'onoang'ono. Mlimi akathyola masamba amabwera nawo pa shedi, kalaliki amapachika thumba pa sikelo n'kulemba makilo pa tabuleti, ndipo mwezi ukatha ndalama zimapita pa foni ya mlimiyo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Opanga pulogalamufe sitikwana khumi. Ena amakhala ku Limbe, ena tili kuno cha ku Chitakale. Pulatifomu yomwe ndikunenayi mlimi saiona. Ndi ya ife eni ake: zida ndi njira zomwe code imadutsamo kuchoka pa laputopu ya munthu mpaka kufika m'manja mwa kalaliki, popanda wolembayo kupempha thandizo kwa wina aliyense.

Kale zonse zinkadzera mwa munthu mmodzi. Makiyi a SSH olowera mu seva anali kwa iye, script yotumizira zinthu ku seva inali pa laputopu yake, ndipo dongosolo la chomwe chimayamba ndi chomwe chimatsatira linali m'mutu mwake. Atapita ku maliro ku Phalombe, kachilema kakang'ono kowerengera makilo kanakhala kakudikira mpaka atabwerako, chonsecho tinali titakakonza kale tsiku lomwelo. Pulatifomu yathu inabadwira pamenepo, osati pa chilakolako cha zida zatsopano.

Backstage, chida chosonkhanitsa ma service ndi zida za opanga mapulogalamu pamalo amodzi, ndinaiyang'ana ndithu. Spotify inaitulutsa poyera mu 2020 n'kuipereka ku bungwe la CNCF, ndipo ndi chida chabwino kwa kampani yomwe ili ndi magulu ambirimbiri oti wina sadziwa zomwe mnzake akupanga. Koma nayo ndi pulogalamu ya TypeScript yofuna munthu woisamalira ndi kuikweza nthawi ndi nthawi. Ife ma service athu mutha kuwawerenga ndi zala. Kubernetes nayonso inachokera ku Google mu 2014 kudzathetsa mavuto a anthu a maseva ochuluka. Ife tili ndi template imodzi yoyambira service yatsopano mu Git (momwe timasungira code), Makefile, pipeline ya CI yomwe imayesa code yokha isanatumizidwe, Docker Compose, ndi tsamba limodzi lolembedwa kuti service yakuti mwini wake ndi wakuti. Basi.

Chomwe chinandidyera nthawi yambiri ndi intaneti. Amene amalemba malangizo a zinthu zimenezi amaganiza kuti docker pull, kukoka image (paketi ya pulogalamu yokonzeka kuyenda) pa intaneti, ndi nkhani ya masekondi. Kuno image imodzi yonenepa imatha kumaliza bandulo ya munthu, ndipo netiweki ikaduka pakati umangoyang'ana mzere uli chiimire pa sikirini. Komanso mu November 2020, Docker Hub, nkhokwe ya ma image pa intaneti, inaika malire kwa okoka osalowa ndi akaunti: maulendo 100 pa maola 6 pa adiresi imodzi ya pa intaneti (IP), ndipo ofesi yonse imatulukira pa IP imodzi. Tinatenga kakompyuta kakale, tinakalumikiza ku invata ndi batire, n'kuikamo registry yosunga image iliyonse yomwe wina wakoka kale, pamodzi ndi Verdaccio yosungira za npm. Woyamba kukoka ndiye amalipira, ena onse amatenga pa waya wa mu ofesi momwemo ngakhale magetsi atathima. Ma Dockerfile a mu template tinawalemba a multi-stage, kuti zida zomangira zitsale m'mbuyo, ku seva kupite chokhacho chofunika. Kamakina kameneka kali pansi pa tebulo, kali ndi pepala lomatidwa ndi selotepi lolembedwa kuti "Osazimitsa", ndipo palibe chinthu china chomwe ndapanga chomwe anzanga anachiyamikira ngati chimenechi.

Za ndalama sinditalikitsa. Seva timachita lendi kunja, timalipira m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwa, dola inakwera ndi 44 peresenti kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo bilu yathu m'makwacha inakwera tisanawonjezere chilichonse. Chichokereni pamenepo, malo oyesera onse amazima okha 6 koloko madzulo, ndipo chilichonse chopanda dzina la mwini wake pipeline imachikana.

Nkhani ya matabuleti ndi yomwe sindinaiwerengepo kwina kulikonse. Ma shedi ambiri ali m'munsi mwa phiri komwe netiweki imabwera ndi kupita, choncho tabuleti imasunga zonse mu SQLite n'kutumiza ikapeza mpata. Izi zikutanthauza kuti app yakale imakhalabe m'minda nthawi yaitali ife titatulutsa yatsopano. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, misewu ndi milatho zitaduka kuno ku Mulanje, matabuleti ena anakhala osalumikizika kwa nthawi ndithu, ndipo atabwerera anali ndi makilo a anthu oti ataya katundu ndipo akufuna ndalama zawo msanga. Seva ikanawakana chifukwa choti app yawo ndi yakale, zikanakhala zamanyazi. Pano pipeline imayesa kusintha kulikonse kwa API, njira yomwe app imalankhulira ndi seva, pogwiritsa ntchito app yatsopano ndi zakale zomwe zikadali m'manja mwa makalaliki. Ilinso ndi lamulo lina losavuta: nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April pamene tiyi amaphuka kwambiri, palibe deploy, kutanthauza kutumiza code yatsopano ku seva, nthawi yoti anthu ali pa sikelo. Wofuna kuphwanya lamuloli atha kutero, koma alembe chifukwa chake poti aliyense aone.

Koma chovuta koposa ndi anthu, makamaka odziwa ntchito. Mkulu wina mu gulu lathu, yemwe anayamba kulemba code ine ndili ku sekondale, sanafune kumva za template. "Achemwali," anatero, "script yangayi sinandigwiritsepo mwala. Mukufuna ndiphunzire zanuzo kuti chichitike n'chiyani?" Abwana anafuna kulemba memo yokakamiza aliyense. Ndinawapempha kuti asatero. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti msewu ukazungulira, anthu amadulira m'munda wa tiyi, kaya pakhale chikwangwani choletsa kapena mlonda. Wopanga mapulogalamu ukamukakamiza amavomera pa msonkhano, kenako n'kubisa script yake mu foda ina. Ku Spotify njira yovomerezekayi amaitcha golden path, ndipo mfundo yake ndi yoti ikhale yosavuta kuposa njira zina, osati yoti njira zinazo zitsekedwe.

Ndiye ndinakhala nawo pansi n'kuwerenga script yawoyo mzere ndi mzere. Munali nzeru zomwe template yanga inalibe. Isanakhudze database, inkayamba yatenga backup n'kuyesa ngati backup imeneyo ikutseguka. Inkaonanso ngati disiki ili ndi malo okwanira. Zinthu ziwirizi ndinaziika mu pipeline ndipo mu commit ndinalemba kuti zachokera kwa iwo. Sanandiuze kuti asintha maganizo, ndipo sindinawafunse. Ndinangoona tsiku lina service yawo yatsopano yatuluka kudzera mu template. Ma service awo akale awiri akadali pa script ija mpaka lero, ndipo ndawasiya choncho chifukwa sakuvutitsa munthu.

WhatsApp ndi mdani wina wachinsinsi. Mafayilo a .env okhala ndi ma password ankayenda pa gulu ngati zithunzi za ukwati, ndipo foni ikabedwa mu minibasi ya ku Limbe palibe ankadziwa kuti chatuluka n'chiyani. Tsopano zinsinsi zimakhala mu Git zitatsekedwa ndi SOPS, aliyense ali ndi kiyi yake, ndipo munthu akachoka ntchito timangochotsa kiyi yakeyo n'kusintha ma password. Mafunso nawonso ankathera pa WhatsApp pomwepo: wina wafunsa, ndayankha, mwezi wamawa wina afunsanso zomwezo. Masiku ano ndimayankha polemba mu README, tsamba lathu la malangizo, n'kutumiza link. Ena amati n'kunyada. Ziwawa, koma README yakula.

Abwana akafunsa kuti ntchito yangayi phindu lake lili pati, poti mlimi saiona, sindiwaonetsa ma graph. Ndimawakumbutsa za mtsikana wa ku yunivesite ya MUST, kwa Ndata ku Thyolo, yemwe anabwera ku attachment. Sabata yake yoyamba isanathe anali atasintha mawu pa risiti ya mlimi, CI yadutsa, mnzake waona code, ndipo zafika pa tabuleti popanda ine kugwira kiyibodi yake. Pomwe anakakamira ndinalemba m'kope, ndipo malo amenewo ndi omwe ndinakonza sabata yotsatira. Wobwera kumene ndiye amaona maenje omwe ife tinazolowera kuwalumpha.

Chomwe chikundisowetsa mtendere pano n'choti pulatifomu yomwe inapangidwa kuti tisamadalire munthu mmodzi yayamba kudalira ine. Registry ikadzaza disiki, foni yolira ndi yanga. Ndapempha kuti mwezi uliwonse munthu mmodzi wa mu gulu azisiya ntchito yake masiku angapo n'kugwira za pulatifomu, ine ndizingoyang'ana. Abwana avomera kuti tiyambe mu May, tiyi akachepa. Woyamba pa mndandanda ndi mkulu wa script uja, ndipo wanena kale kuti Makefile yanga akufuna ailembenso.