Kaphokoso ka "tiki" mu laputopu yanga kandiphunzitsa zomwe kalasi inalephera

Kwa miyezi itatu laputopu yanga yakhala ikulira "tiki", kenako duu, kenako "tiki", makamaka usiku kukakhala zii. Popeza ndinaigula itagwirapo kale ntchito, ndinkangoti basi hard drive, chipangizo chosungira mafayilo mkatimo, yayamba kutsanzika, ndikopere mafayilo anga pa fulashi ndidikire maliro. Dzulo ndi pamene zinandilowa m'mutu, moti ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka mnzanga wogona naye anadzuka n'kufunsa ngati ndili bwinobwino.

Mkati mwa hard drive muli mbale zozungulira zomwe zimasunga mafayilo, ndi kamutu kowerenga ndi kulemba kamene kamayandama pamwamba pake; zimenezi tinazijambula m'makope m'kalasi yathu ya zamakompyuta. Chimene ine ndinkasokoneza ndi ichi: ndinkaganiza kuti drive ikafuna kupuma imachita chinthu chimodzi, kuima. Ayi ndithu, ndi zinthu ziwiri. Pali kuimitsa mota kuti mbale zileke kuzungulira, ndiye pali kuchotsa kamutu pamwamba pa mbale n'kukakakhazika pambali, pa kashelefu kapulasitiki kotsetsereka kamene amati ramp. Chachiwirichi ndiye kupaka, monga timapakira galimoto. Mbale zimangozungulirabe ka 5400 pa mphindi, koma kamutu kakhala pambali. "Tiki" uja ndi kamutu kakukwera kapena kutsika pa kashelefu kaja. Ngakhale mu SMART, kaundula amene drive imasungamo nambala za thanzi lake, zimawerengedwa padera: nambala 4 ndi Start_Stop_Count (kuima ndi kuyamba kwa mota), nambala 193 ndi Load_Cycle_Count (kupaka kwa kamutu). Ine miyezi yonseyi ndinkayang'ana 4, n'kumadzitonthoza kuti nambala yake ndi yaing'ono.

Komabe pamenepo sipanali pothyolera nkhani. Kupaka pakokha si kulakwa. Laputopu timainyamula, timaigwedeza, ndipo kamutu kakakhala pa ramp sikangakande mbale ngakhale chikwama chigwe. Batire nalonso limapumako pang'ono. Vuto ndi loti drive ili ndi wotchi yake, kompyuta nayo ili ndi yake, ndipo mawotchi awiriwa safunsana. Drive imati, papita masekondi angapo palibe wandituma, ndikapake. Ikangopaka, Linux, pulogalamu yoyendetsa laputopu yangayi, uyo wabwera ndi kanthu kolemba, chifukwa ext4, njira yake yosanjira mafayilo, imasunga journal yake (kaundula wa zosintha) masekondi 5 aliwonse pakakhala chosintha, msakatuli wa intaneti akulemba zake, ma log (zolemba za zomwe zikuchitika mu kompyuta) nawonso akulembedwa. Kamutu kadzuke, kalembe kachinthu kochepetsetsa, kadikire pang'ono, kapakenso. Usiku wonse choncho.

Zinandikumbutsa mwini okala wina kwathu amene ankatseka chitseko kasitomala aliyense akangotuluka, kuopa fumbi, ndiye wina akagogoda kufuna machesi atsegulenso. Palibe tsiku limene anapuma ndithu, koma mahinjesi anasinthidwa kangapo. Drive yanga inali ikuchita zomwezo, kupuma kosapuma, ndipo batire lomwe inkafuna kusungalo silinkasungika kwenikweni.

Opanga ma drive a laputopu ambiri amalemba kuti kamutu kangathe kukwera ndi kutsika ka 600,000. Poyamba nambalayi inandiwonekera ngati yosatheka kuifika. Ndiye ndinatenga cholembera. Ikamapaka kamodzi pa mphindi, ndi ka 60 pa ola, kutanthauza maola 10,000 basi. Munthu woyatsa laputopu maola 8 pa tsiku amafika pamenepo m'masiku 1,250, zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Ikamapaka kawiri pa mphindi, dulani pakati. Kwa ife ogula laputopu yoti mwini wake woyamba anadya kale gawo lake, masamu amenewa sasangalatsa. Onjezani kuti magetsi akazima timakhala pa batire maola ambiri, nthawi yomwe makina amalimbikira kusunga mphamvu.

Nkhaniyitu si yatsopano. Mu 2007 ogwiritsa ntchito Ubuntu, mtundu wina wa Linux, anakangana kwambiri pa zomwezi, ena akuloza chala Ubuntu, ena akuti opanga ma drive ndiwo amaika wotchi yofulumira kwambiri. Ma drive a WD Green, ngakhale ndi a kompyuta za patebulo, anatchuka chifukwa ankapaka pakangopita masekondi 8, mpaka panatuluka kapulogalamu ka wdidle3 kosinthira nthawiyo. Ine ndikuzimva lero, anthu anakangana n'kugwirizana ndili ku pulayimale.

Apa ndiye pandipwetekera. M'kalasi tinatha milungu iwiri tikujambula mbale, ma track ndi ma sector (mizere ndi tizigawo ta pa mbalezo), aphunzitsi akutiuza kuti zimenezi zibwera pa mayeso. Ndinawafunsapo za kaphokoso kanga, anangoti, "Imeneyo yatha, gulani SSD." Mwina sanalakwe, koma ndalama ya SSD ili kuti, drive yopanda mbale kapena kamutu ija? Komanso funso langa linali lakuti chikuchitika n'chiyani mkatimo. Sindikuwada, kalasi ndi yaikulu ndipo silabasi imawathamangitsa. Koma ola limodzi lokha, aliyense atsegule terminal, pomwe timalembapo malamulo a kompyuta, alembe smartctl -a /dev/sda aone nambala za SMART za drive yake, likanatiphunzitsa kuposa zojambula zonse zija. Mu labu makompyuta ake ndi okiya, sudo, lamulo lokupatsa mphamvu zonse pa kompyuta, palibe, ndiye umaphunzira makina ngati ukuwaonera pawindo.

Njira yomwe yandithandiza, ndipo ndikuiikira kumbuyo kwa aliyense, ndi kope ndi wotchi. Lembani nambala ya 193 tsopano, gwirani ntchito zanu ola limodzi, lembaninso, chotserani. Kenako tengani 193 yonse mugawe ndi nambala 9, Power_On_Hours, muone avereji ya moyo wonse wa drive. Chitani kamodzi muli pa magetsi, kamodzi muli pa batire. Ine pano ndikuona ngati palibe vuto la kompyuta limene silingagonje kwa munthu wolemba nambala kawiri n'kuchotsera. Mnzanga uja akuti ndikukokomeza, chabwino, koma buku lathu lonse silinandiuze zimene kope langa landiuza usiku umodzi.

Kukonza kwake n'kwa mzere umodzi: hdparm -B 254 /dev/sda. Lamuloli limasintha APM, dongosolo la drive losungira mphamvu: nambala zake kuyambira 1 mpaka 127 zimalola mbale kuima, 128 mpaka 254 sizilola, ndipo 254 ndiye imauza drive kuti isavutike ndi kusunga mphamvu. 255 imazimitsiratu APM pa ma drive omwe amavomera. Nditalemba, "tiki" anatheratu, nambala inaima. Ndinatseka chivundikiro kupita kukadya, pobwera kaphokoso kayambiranso, chifukwa drive imaiwala ikagona kapena kuzimitsidwa, ndiye lamulolo liyenera kuikidwa poti lizithamanga lokha nthawi iliyonse makina akadzuka. Zimenezo zinandidyera ola lina. A Windows, CrystalDiskInfo imaonetsa nambala zomwezi ndipo ili ndi posinthira APM.

Pano ndatsala ndi mtima iwiri. Chiikireni 254, pansi pa dzanja langa lamanzere pakumveka kufunda kuposa kale, ndipo nambala 194 yoonetsa kutentha yakwerako pang'ono, m'mwezi wa Okutobala uno. Kamutunso kakukhala pamwamba pa mbale nthawi yonse, pomwe ine ndili ndi chizolowezi chonyamula laputopu ili yoyaka kuchoka pabedi kupita patebulo. Komanso 600,000 uja si tsiku la imfa, ndi pomwe opanga amalekezera lonjezo lawo, ndipo nambala 5 ya ma sector owonongeka kwa ine idakali pa ziro. Ndiye kaya ndapulumutsa drive ku kutha kwapang'onopang'ono n'kuiika pa ngozi ya tsiku limodzi. Ndikuganiza zoyesa 254 ndikakhala pa magetsi, 128 ndikakhala pa batire, ndilembe m'kope kwa sabata imodzi, ngakhale mayeso a networking ali Lachinayi ndipo sindinayambe n'komwe kuwerenga.